Lupanga la mtengo lophunzirira: kalipentala asemere mtengo wanji?

Funso ili latifika kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Zomba:

"Akulu, ndakhala ndikuchita karate kwa zaka zinayi. Ine ndi anzanga atatu takopeka ndi masewera a lupanga lalitali la ku Ulaya amene timaonera pa YouTube, aja amati HEMA. Kuitanitsa malupanga ophunzirira kuchokera kunja sitingakwanitse, chifukwa ndalama zotumizira zokha zikuposa za lupangalo. Kalipentala wina wati akhoza kutisemera, ndipo akuti tisankhe pakati pa paini, mlombwa ndi phingo. Mnzanga akuti titenge phingo poti ndi wolimba komanso wolemera ngati chitsulo. Tisankhe uti? Nanga tikhoza kumamenyana nawo monga amachitira m'mavidiyomo?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanapereke ndalama kwa kalipentalayo. Safunsa anadya phula. Mtima wanu ukhale m'malo, kuyamba ndi lupanga la mtengo si chizindikiro cha umphawi ayi. Ine langa loyamba linali la mtengo, ndinaphunzira nalo zaka ziwiri ndisanagwire lachitsulo, ndipo mpaka lero ndimalitenga m'mawa ndikafuna kuwongola thupi kuseri kwa nyumba kuno ku Leeds, ku England. Anthu a malupanga akhala akuyambira pa mtengo kuyambira kalekale. Vegetius, Mroma amene analemba za usilikali chakumapeto kwa zaka za m'ma 300, anafotokoza kuti asilikali atsopano ankapatsidwa malupanga a mtengo ndi zishango zoluka, n'kumamenya mzati wozikidwa pansi m'mawa ndi madzulo. Angerezi lupanga lotere amalitchula kuti waster, Ajapani amati bokken kapena bokuto. Choncho muli panjira yoyendamo anthu.

Ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa ndi limene likundidetsa nkhawa kwambiri. Ayi, musamenyane nawo monga mukuonera m'mavidiyomo. Taonetsetsani bwino anthu amenewo. Ambiri agwira lupanga lachitsulo lopanda kuthwa lotchedwa feder, limene limapindika munthu akabaya nalo, ndipo nsonga yake ndi yopinda kapena yokutira. Avala chisoti cha waya chophimba nkhope, choteteza kukhosi, jekete yokhuthala, magolovesi olimba ngati chigoba cha nkhanu, ndi zoteteza zigongono ndi maondo. Mtengo supindika. Mnzanu akakubayani ndi lupanga la mtengo uku inu mukupita kutsogolo, mphamvu yonse ya anthu awiri imathera pa kamalo kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, kaya ndi panthiti, pakhosi kapena padiso. Anthu amaganiza kuti poti si chitsulo ndiye kuti n'choseweretsa, pamene kwenikweni ndi chibonga chosemedwa bwino. Ku Japan amasimba kuti mu 1612 katswiri wa lupanga Miyamoto Musashi anapha katswiri mnzake Sasaki Kojiro pa chilumba cha Ganryu ndi lupanga la mtengo losemedwa kuchokera ku nkhafi ya bwato. Ajapani omwewo, ataona kuchuluka kwa ophunzira ovulala, ndiwo anatulukira shinai, lupanga la nsungwi zong'amba zomangidwa pamodzi, kuti azitha kugundana mwamphamvu atavala zodzitetezera.

Ndinaona ndi maso anga chala chachikulu cha mnzanga chikuthyoka. Sitinali kumenyana n'komwe, tinkangobwereza kasewero kamodzi kotchinga, koma amene ankamenyayo anawonjezera liwiro osanena. Lupanga linatsetsereka n'kutera pa chala chimene chinali pamwamba pa chopingasa, kamtanda kaja koteteza manja pakati pa chogwirira ndi thupi la lupanga. Phokoso lake linali laling'ono, ngati kuthyola kamtengo kouma, ndipo mnzangayo anangokhala pansi atagwira dzanja, nkhope itatuwa. Anavala magolovesi opyapyala a pa njinga. Miyezi iwiri inatha asanagwirenso lupanga, ndipo mpaka pano chalacho sichipindika bwino kukazizira.

Ndiye lupanga la mtengo ntchito yake n'chiyani? Ndi lophunzirira kaimidwe, kayendetsedwe ka mapazi, kadulidwe ka mumphepo muli nokha, kumenya tayala lakale lopachika, ndi masewero a anthu awiri ogwirizana kale kuti uyu achita chakuti ndipo uyo ayankha chakuti, pang'onopang'ono. Zimenezi zokha zikhoza kukudyerani zaka ziwiri osatopa nazo. Mukadziwa kuti ntchito yake ndi imeneyi, kusankha mtengo kumaphweka, chifukwa mukufuna mtengo umene ungapirire kugundidwa kambirimbiri, ndipo tsiku lake lotha likafika uthe mokuchenjezani, osati kuphulika mwadzidzidzi.

Apa ndi pamene mnzanu wa phingo uja wasokoneza zinthu ziwiri. Kulimba kwa mtengo kuli pawiri. Pali kuuma gwa, koti msomali umakana kulowa, ndiye pali kupirira, koti ukaumenya umagonja pang'ono n'kubwerera. Phingo ali ndi kuuma kuja. Ndi wolemera mpaka amamira m'madzi, n'chifukwa chake amisiri a ziboliboli amamukonda ndipo kunja kuno amapangira zitoliro zoimbira. Koma mitengo youma chonchi ikafika pothyoka imathyoka kamodzi n'kamodzi, zibanthu zake zakuthwa ngati galasi. Kuwonjezera apo, lupanga la phingo limadya la mnzanu lililonse limene lagundana nalo, ndipo kugwedeza kwake kumathera m'dzanja ndi m'chigongono mwanu. Kupeza chipika cha phingo chowongoka, chopanda mng'alu, chotalika masentimita 120 n'kovutanso, ndipo mtengowu ukusowa. Musiyeni phingo akhale wa ziboliboli.

Paini ndiye ayi ndithu pa zogundana. Ndi wofewa, ali ndi mfundo zambiri, ndipo pa mfundo iliyonse ndi pothyokera. Ngati ndalama zavuta kwambiri, lupanga la paini lingakuthandizeni kuphunzira kaimidwe ndi kadulidwe muli nokha, koma lisakhudze lupanga lina kapena tayala. Mbawa nayo, ngakhale simunaitchule, ndi ya mipando ndi zitseko, pa ntchito iyi ndi yofewa. Mwa itatu imene kalipentala wakupatsaniyo, mlombwa ndiye wabwinoko. Ukauma supindikapindika, umasemeka bwino, ndipo kulemera kwake n'kwapakatikati. Vuto lake ndi loti mizere yake nthawi zambiri imayenda mokhotakhota, ndipo mbali yoyera ya kunja ija imafumbwa msanga. Mukautenga, tengani pamtima pofiirira, thabwa la mizere yowongoka, ndipo muziugwiritsa ntchito pa masewero opepuka okha.

Koma ine ndikanakhala ku Zomba lero sindikanayambira kwa wopanga mipando. Ndikanapita kwa anthu osema mipini ya nkhwangwa ndi mapiki n'kuwafunsa kuti ndi mtengo uti umene mpini wake umatha zaka osathyoka. Funso lawo ndi lathu ndi limodzi. Ku America malupanga abwino ophunzirira amapangidwa ndi hickory, mtengo womwewo wa mipini ya nkhwangwa ndi hamala. Ku Ulaya amagwiritsa ntchito ash, umene kale unali wa mikondo. Ajapani amakonda shirakashi, thundu woyera wa kwawo, ndipo ma bokken ambiri abwino amasemedwa mu mzinda wa Miyakonojo. Yonseyi ndi mitengo yopirira kugundidwa. Kwathuko, gwafa wokhwima ndi wopirira kwambiri, kungoti kupeza thunthu lalitali lowongoka ndi mwayi. Bulugamu musamuderere. Ku Australia kumene anachokera, mtundu wina wotchedwa spotted gum ndiwo amapangira mipini ya zida. Koma mitundu ya bulugamu ndi yambiri, ndipo wamng'ono wodulidwa dzulo amang'aluka ndi kupotoka akamauma. Funani thabwa la mtengo wokhwima, lolemera m'manja, limene lakhala pamthunzi nthawi yaitali. Komanso m'mashopu a hadiweya nthawi zina mumapezeka mipini yaitali ya piki kapena fosholo yochokera kunja. Mpini wotero ukakhala wowongoka bwino, kalipentala akhoza kusemamo lupanga la dzanja limodzi labwino zedi.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ichi chikuposa dzina la mtengo. Thabwa labwino la mtengo wapakatikati limaposa thabwa loipa la mtengo wotchuka. Chimene muyenera kuyang'ana ndi mizere ya thabwa. Tsatirani mzere umodzi ndi chala kuyambira kumene kudzakhale chogwirira mpaka kunsonga. Ngati mzerewo ukuyenda utali wonse osatulukira m'mbali, thabwalo ndi lanu. Ngati ukutsetserekera m'mphepete n'kuthera pakati pa njira, lupangalo lidzathyokera pomwepo, ndipo lidzathyoka mopendekera, kusiya nsonga yakuthwa ngati mkondo. Ndinagulapo lupanga lotsika mtengo lopakidwa vanishi wonyezimira, lokongola ndithu. Sabata yachitatu, pa kasewero wamba kotchinga, linalira kuti thwa! Chidutswa chotalika ngati mkono wa mwana chinauluka n'kukang'amba chinsalu cha pazenera, mamita angapo kuchokera pamene tinaima. Nditatola chotsalacho ndinaona kuti mizere yake inkadutsa mopingasa, ndipo pakati panali kamfundo kamene anakabisa ndi phala la utuchi ndi guluu. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira tsiku limenelo sindilola lupanga lopaka penti kapena vanishi wokhuthala kulowa m'masewero a anthu awiri, chifukwa sindingaone zimene zili pansi pake.

Njira yotsimikizika yopezera mizere yowongoka ndi kuwaza chipika monga timawazira nkhuni, m'malo mocheka ndi sowo. Nkhwangwa imatsata mizere yokha, pamene sowo imadula paliponse pamene mwailozetsa. Kalipentala akavomera kuwaza kaye kenaka n'kupala, mwapeza mmisiri. Thabwalo likhalenso louma. Poti chipangizo choyezera chinyontho mwina mulibe, liyezeni pa sikelo sabata iliyonse mukulisunga pamthunzi podutsa mphepo. Likasiya kupepuka kwa masabata atatu kapena anayi otsatizana, lauma. Mukasema laliwisi, pofika Okutobala mudzapeza lupanga lakhota ngati uta.

Za miyeso, pitani kwa kalipentala ndi chojambula pa pepala lalikulu, musangomufotokozera pakamwa. Lupanga lalitali la manja awiri, limene ankaphunzitsa Johannes Liechtenauer ku Germany m'zaka za m'ma 1300 ndi Fiore dei Liberi ku Italy cha m'ma 1400 kumayambiriro, limatalika pakati pa masentimita 110 ndi 130. Filippo Vadi, mphunzitsi wina wa ku Italy wa m'ma 1480, analemba kuti lupanga likaimikidwa pansi, mutu wa chogwirira uzifika m'khwapa. Kwa munthu wa msinkhu wapakatikati, masentimita 120 ndi poyambira pabwino. Chogwirira chitenge masentimita 25 kapena kuposerapo pang'ono, kuti manja onse awiri akwane n'kutsala mpata pakati pawo. Thupi la lupanga likhale lotambalala pafupifupi masentimita 5 pafupi ndi chopingasa, lizichepa kupita kunsonga, ndipo kukhuthala kwake kukhale pafupifupi masentimita 2. M'mbali mwake musakhale mwakuthwa ngakhale pang'ono, mukhale mobulungira ngati chala. Nsonga ikhale yobulungira ngati mutu wa supuni. Amisiri amakonda kusongola nsonga kuti lupanga lioneke lenileni, ndiye muuzeni kawiri kuti asatero.

Thupi la lupanga ndi chogwirira zikhale thabwa limodzi losalumikiza. Chopingasa chokha, chija chimateteza manja, ndicho chisemedwe padera, chotalika pafupifupi masentimita 20, nsonga zake zobulungira, chilowetsedwe ndi kumangidwa ndi guluu ndi kachikhomo ka mtengo. Msomali kapena sikuluwu zisapezeke paliponse. Mtengo ukayamba kutha, chitsulo chobisikacho chimatulukira n'kung'amba dzanja la munthu.

Pali chinthu china chimene ambiri amachiphonya. Chogwirira chisakhale chozungulira ngati mpini wa tsache, chikhale chophwatalala pang'ono ngati dzira. Chifukwa chake n'chakuti lupanga la ku Ulayali ndi lakuthwa konsekonse, ndipo aphunzitsi a ku Germany ankasiyanitsa mbali yakutsogolo ndi yakumbuyo, mbali iliyonse ndi madulidwe ake. Dzanja lanu liyenera kudziwa kumene kuthwa kwaloza popanda maso kuyang'ana. Munthu amene waphunzira ndi ndodo yozungulira, tsiku limene adzagwire lupanga lenileni amadzamenya ndi pamimba pa lupanga m'malo modula, ndipo chizolowezi chimenecho chimavuta kuchichotsa.

Pa za kulemera, mnzanu uja akuganiza kuti malupanga akale anali olemera kwambiri. Si choncho. Lupanga lalitali lenileni limalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ena kucheperapo. La mtengo likafika magalamu 800 kapena kilogalamu imodzi, lakwana. Chofunika kwambiri ndi pamene kulemerako kwakhala. Ligonekeni pa chala chimodzi mpaka lileke kupendekera uku ndi uku. Pa lupanga lachitsulo malo amenewo amakhala pafupifupi masentimita 10 kutsogolo kwa chopingasa. La mtengo nthawi zambiri limalemerera kunsonga, ndiye kalipentala asiye mutu wa chogwirira waukuluko ndipo apale kwambiri chakunsonga. Vegetius uja anati malupanga a mtengo a asilikali ankalemera kuwirikiza kawiri enieni, ndipo Ajapani ali ndi suburito, bokken wolemera wolimbitsira mikono. Koma zimenezo n'za munthu amene kadulidwe kake kakhazikika kale, ndipo amachita yekha. Woyamba kumene akatenga cholemera amayamba kukoka ndi phewa, amalephera kuimitsa lupanga pamene akufuna, ndipo pakatha miyezi itatu chigongono chimayamba kuwawa. Kulephera kuimitsa lupanga ndiko kumavulaza anzathu.

Poti muli anayi, semetsani onse nthawi imodzi, mtengo umodzi, muyeso umodzi. Wolimba akakumana ndi wofewa, wofewayo amatha msanga. Pa chifukwa chomwecho, mtengo usagundane ndi chitsulo kapena paipi. Ndipo musatenge bokken kuti muphunzirire za ku Ulaya poti ndi amene wapezeka. Bokken wamba ndi wa masentimita pafupifupi 102, wokhota, wopanda chopingasa chachitali, kuthwa kwake mbali imodzi. Ndi chida chabwino pa ntchito yake, koma theka la zimene Liechtenauer amaphunzitsa zimadalira chopingasa ndi mbali yakumbuyo ija.

Dziwaninso malire a mtengo kuti musadzadabwe. M'maphunziro a ku Germany muli mfundo yaikulu yomva mphamvu ya mnzako malupanga akakhudzana, kuti wakankha kapena wafewa, ndipo iwe uyankhe potengera zimenezo. Malupanga achitsulo akakumana amagwirana kapena kutsetserekana mwa mtundu wake, pamene a mtengo amadumphana. Mudzaphunzira mfundoyi ndithu, koma pokhapokha mukamachita mwapang'onopang'ono. Alipo malupanga a nayiloni, monga a Rawlings a ku Britain ndi a Blackfencer a ku Spain, amene amapindikako pobaya ndipo sathyoka msanga. Mukadzapeza wachibale wobwera kuchokera ku Joni kapena ku Ulaya, awiri okha angakwanire gulu lonse mosinthana. Koma ndalama yoyamba imene mungasonkhe ipite ku zisoti za waya ndi magolovesi, malupanga abwino adzabwera pambuyo. Pa zisotizo mudzaona palembedwa 350N kapena 1600N. Nambalayo ikunena za kulimba kwa nsalu yoteteza kukhosi, ndipo ya 1600N ndiyo yolimba. Popanda chisoti, nsonga ya lupanga isaloze kunkhope ya munthu pa liwiro lililonse, ngakhale mongoyerekeza.

Kusamala lupanga n'kosavuta. Likachoka kwa kalipentala likwecheni ndi sandipepa mpaka lisalale, kenaka lipakeni mafuta a linseed ophika, amene amapezeka m'mashopu a penti. Pakani pang'ono, dikirani mphindi 20, pukutani otsala, ndipo mubwereze masiku angapo. Mafuta ophikira ayi, amanunkha ndi kumata. Vanishi amatulutsa matuza m'manja. Sanza zimene mwapukutira linseed musaziunjike pakona, zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka moto, ndiye ziyanikeni panja chotambasula kapena ziviikeni m'madzi. Lupangalo lisungeni chogoneka kapena chopachika, kutali ndi dzuwa ndi denga la malata, ndipo musalitsamiritse kukhoma miyezi yonse ya dzinja. Musanayambe masewero tsiku lililonse, yendetsani kansalu m'mbali mwake. Kakakodwa penapake, pali kachibanthu, kwechani. Ligogodeni pansi pa simenti pang'ono: lamoyo limalira momveka, long'aluka m'kati limalira mogonthera. Zipsera zolowa m'kati si vuto, ndiwo ukalamba wabwino wa lupanga. Koma mng'alu wotsata utali ukaoneka, lapuma ntchito. Musalimange ndi tepi, chifukwa tepiyo amangobisa pamene lidzathyokere. Poyenda nalo mumsewu likulungeni m'thumba kapena m'nsalu, kuti musaopseze anthu ndi kudzipezera mafunso kwa apolisi.

Wina akagundidwa m'mutu n'kuyamba chizungulire, kusanza, kuiwala zimene zachitika, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kugona tulo tosadziwika bwino, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale iye akunena kuti ali bwino. Chimodzimodzi wogundidwa padiso kapena pakhosi, makamaka mawu akasintha kapena akamavutika kumeza. Chala chotupa chimene chakhota kapena chikukana kupindika chikufunika kukajambulidwa kuchipatala, musachikoke nokha. Kuwawa kwa chigongono kapena phewa kukapitirira masabata awiri mutapumula, kaonaneni ndi adokotala, ndipo muyang'anenso kulemera kwa lupanga lanu ndi mmene mukuligwirira, chifukwa ambiri amalifinya mopitirira muyeso.

Pa za aphunzitsi, mabuku akale a Liechtenauer, Fiore ndi Joachim Meyer wa ku Strasbourg, amene lake linatuluka mu 1570, akupezeka ulere pa Wiktenauer pa intaneti, ndi zithunzi zake zomwe. Koma buku silingakuuzeni kuti mwaima pafupi kwambiri ndi mnzanu. Ku Blantyre kuli anthu amene akhala akuchita kendo, masewera a lupanga a ku Japan, kwa zaka zambiri. Lupanga lawo ndi lina, koma za mtunda, ulemu wa pabwalo ndi kuimitsa chida pamene ukufuna amazidziwa bwino, ndipo ulendo wochoka ku Zomba si wautali. Pitani mukawaone ngakhale kangapo. Mukasankha thabwa, lijambuleni mbali zonse zinayi ndi kumapeto komwe kalipentala asanaliyambe, munditumizire zithunzizo ndione mizere yake.